Benchi ya mu filimu

Amake Tadala, lero Nottingham ikukondwerera filimu yakale yachikondi imene anaijambula mumzinda muno. Pa benchi imene okondanawo ankakhalapo akhomapo chikwangwani cha maina awo, anthu oti sanakhaleko n'komwe. Inu munasamalira okalamba mumsewu womwewo mpaka kudwala, koma dzina lanu silinalembedwe paliponse.

Masana ena mutaweruka, tinakhala pa benchiyo kudikira basi, miyendo yanu itatupa. Alendo awiri anatipempha kuti tisunthe, ajambulitse. Munandinong'oneza kuti, "Abambo ake, auzeni ndatopa." Chizungu sichinandivutepo, koma ndinawamwetulira, kuwapepesa, n'kukudzutsani. Basi inachedwa mphindi makumi awiri, ndipo munaidikira chiimire. Patha zaka ziwiri chimwalirireni inu. Alendo aja ndinawapepesa pomwepo, koma inu sindinakupepeseni.