Pepala Limene Ndinapukutira M'manja

Tsiku limenelo tinalipo anthu anayi. Panali ine Wilisoni Ndau, mwini galaja ija ili kuseri kwa msika pa Sharpevale. Panali mwana wanga Yohane, bambo wa ana awiri, amene umakaniko anachita kuuphunzira kusukulu. Panali a Kamwendo owotcherera zitsulo, amene ntchito ikawachepera amadzakhala pa tayala n'kumandiputa. Ndiye panali mayi Nangozo, mkazi wa malemu Jere mnzanga. Ndawatchula onse kuti woti ndikunama apite akawafunse.

Jere ndi ine tinali limodzi ku Joni, iye pansi mumgodi, ine pamwamba m'galaja ya kampani. Injini ndinaiphunzira ndi maso ndi makutu. Sukulu ndinalekezera sitandade thu, moti ngakhale izi ndikulemba mochita kukoka. Pobwerera kumudzi ena anagula malata, ena ng'ombe. Jere anagula galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati ikukwawa, yoti mumsewu wa ku Bwanje inkakhula mimba pa kabampu kalikonse. Anthu ankamuseka. Iye ankati, "Sekani. Esinati wanga adzachoka kutchalitchi pa imeneyi." Anamwalira mwanayo asanapeze banja, galimoto n'kukhala pa njerwa zaka zisanu.

Lolemba lina mayi Nangozo anatulukira, galimotoyo ikukokedwa ndi thirakitala ya kusikimu ya mpunga, iwo atanyamula katoni.

"Alamu, ukwati wa Esinati ndi Loweruka. Mnzanu uja ankati injiniyi woigwira ndinu nokha."

Mawu amenewo anandikwera kumutu kuposa kachasu.

M'katonimo munali zimene mphwawo wa mayi Nangozo anatumiza kuchokera ku Joni: lamba wa taimingi, mapule awiri (timawilo timene lambayo amayendapo) ndi tenshona. Kwa osadziwa, lamba ameneyu ali ndi mano, ndipo ndiye amagwirizanitsa kumunsi kwa injini ndi kumtunda kuti valavu izitseguka pisitoni itachokapo. Akalumpha mano angapo, pisitoni imamenya valavu, basi injini yatha. Tenshona ndiye imamukunga kuti asalumphe. Yakale inali ya sipuling'i ndi bawuti limodzi, unkangomanga n'kuyesa lambayo ndi chala. Yatsopanoyi inali kabotolo kachitsulo ka oilo m'kati, kokhala ndi kandodo kokankha pule, ndi kapini konga msomali wa mphete kumutu. Chibadwire ndinali ndisanaione. Pansi pake panali pepala lopindapinda.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinachotsa rediyeta, malamba akunja ndi chivundikiro. Ndinazunguza injini mpaka zizindikiro za pa mapule zinalunjika pamalo pake, n'kuzidinda ndi choko. Mpaka pamenepo ntchito inali yoyera, ndikunenetsa.

Lachinayi m'mawa Yohane anatola pepala lija.

"Bambo, bwanji tiyambe taona zimene alembazi?"

A Kamwendo ali pa tayala paja anati, "Eya, awerengereni madalawa. Iwo zilembo amangoona ngati linthumbu likusamuka."

Mayi Nangozo anaseka pang'ono, atatseka pakamwa ndi chitenje. Sikunali kuseka koipa ayi. Koma ine kunandiwotcha.

"Iwe Yohane!" ndinakuwa mpaka ogulitsa tomato kumsika anacheuka. "Injini ndinayamba kuitsegula amako asanathe msinkhu! Pepala linamangapo bawuti?"

Ndinalilanda, n'kupukutira girisi m'manja osalifunyulula, n'kuliponya mu diramu ya zinyalala.

Kenaka ndinatenga tenshona ija n'kusolola kapini, poganiza kuti n'kongotetezera paulendo. Tcha! Kandodo kanatumphuka. Poyesa kuika pamalo pake, yakana kulowa, yatalika. Onse atatu akundiyang'ana. Ndinaigoneka mu vaisi yopanira zitsulo, n'kulumikiza paipi ku chogwirira, n'kupotokola katatu ndi mphamvu zonse za ku Joni. Kandodo kanabwerera, ndinalowetsanso kapini. Koma ndinamva kuti tsii, ndipo kukhosi kwa kabotoloko kunatuluka kadontho ka oilo. Ndinakapukuta ndi chala chachikulu msangamsanga.

Yohane anaona. Anatsegula pakamwa, ine n'kumuyang'ana diso lija amalidziwa kuyambira ali wamng'ono. Anatseka. Ndinamulera ndine kuti bambo satsutsidwa pagulu, ndipo anamvera.

Tinamanga tenshona, kukoleka lamba, kusololanso kapini, kuzunguza injini kawiri ndi sipanala. Zizindikiro zinabwerera pa choko. Nditailiza, galimoto inabangula moti mbuzi zinabalalika. Mayi Nangozo anagwira boneti ndi manja awiri, misozi chuchuchu.

"Ndi mawu a Jere amenewa, alamu."

Apa ndiye pali tchimo langa lenileni. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Koma Lachisanu lonse ndinali nalo. Tenshona yakale ija inali pa benchi, yotopa koma yamoyo, ikanafikitsa mkwatibwi kwawo. Ndinaigwira kawiri konse n'kuibwezera pansi. Kuimanganso kukanafuna kuti ndimasule zonse a Kamwendo akuona, n'kuyankha funso lakuti chalakwika n'chiyani. Ndinasankha kukhulupirira kuti kadontho kamodzi si kanthu.

Loweruka Yohane ndiye ankayendetsa, galimoto itavala maliboni, Esinati ndi mwamuna wake atapanikizana kumbuyo. Ine ndinali pa lole yotsatira pamodzi ndi amayi oimba, ndikudzimenya pachifuwa n'kumauza aliyense wa m'mbali mwa msewu kuti, "Manja anga amenewo!" Titangowoloka kamlatho kolowera ku Bwanje, pamene msewu uli ndi manthunthumira, ndinamva phokoso ngati masipuni akugubuduzika m'chitini. Kenaka zii. Nyimbo nazo zinaduka.

Ndinatsika, kumasula chivundikiro. Lamba anali lende ngati chingwe choyanikira zovala. Kabotolo kaja kanali konyowa oilo mpaka pansi. Poyesa kuzunguza injini ndi sipanala, inayenda pang'ono n'kuguma. Sindinafunike wondiuza kuti mavalavu apindika.

Esinati anaima pafumbi ndi diresi loyera, dzuwa la ku Bwanje likuswa mtengo. Anamukweza pa lole n'kumukhazika pa thumba la madeya. Sanalire. Amayi ake anabwera pomwe ndinagwada, ine ndikudikira kuti andilalatire, chifukwa kulalata ndimakudziwa kuyankha kwake.

"Zikomo alamu, mwayesetsa," anatero, n'kukwera lole.

Kumadyerero sindinapite.

Zipangizo za injini imeneyo tazifunafuna osazipeza. Galimoto ya Jere ili pa njerwa zomwe zija, nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala. Mayi Nangozo amandipatsabe moni mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene umandilemera. Lero ndikudziwa kuti kapini kaja umasolola komalizira, lamba atakhala kale. Kakatuluka msanga, tenshona umaiimika chilili n'kumaifinya pang'onopang'ono, nthawi yoti munthu amwe tiyi kapu yonse. Makaniko amene mukuwerenga izi, chitsulo chimene simunachionepo musachilimbire mtima chifukwa pali anthu. Anthuwo amapita kwawo, chitsulo chimatsala ndi inu.

Lolemba lotsatira ukwati uja ndinapeza Yohane atafika kale ku galaja. Anali atavuula pepala lija mu diramu, akuliwongola pa benchi ndi chikhatho, zala zanga zisanu za girisi zili pomwepo. Sanakweze mawu. Sanatengere ine ameneyo.

"Bambo," anatero, "tabwerani muone. Mulibe zilembo m'menemu, ndi zithunzi zokhazokha. Mukanangolifunyulula, mukanaliwerenga bwino kuposa ine."