Thunthu la nthochi m'manda a bambo

Ndikadula nthochi, fungo la madzi ake limandibwezera ku Mongue, chaka chimene tinabwerera kwathu kuchokera ku kampu ya anthu othawa nkhondo ku Malawi. Bambo anafera m'nkhondo ndipo mtembo wawo sunapezeke. Choncho amalume anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu yoyera, akumpingo n'kuliika m'manda akuimba za kuuka kwa akufa.

Chichokere kumandako, amayi ankangogona pamphasa, chakudya osachifuna. Khasu lawo linachita dzimbiri.

Ine ndinkadziwa kuti nthochi ikabzalidwa imafuna madzi. M'mawa uliwonse ndinkazemba ndi kachitini kukathirira pamandapo kuti bambo aphuke msanga.

Tsiku lina amayi ananditsatira, akudzandira.

"Iwe, ukutani kuno? Ana safika kumanda!"

"Ndikuthirira, amayi. Akatekisi anati bambo adzauka. Mwina akauka mudzayamba kudya."

Amayi anandilanda kachitiniko.

"Wowadzutsa ndi Mulungu, mwanangu, si iwe. Madziwa tiye tikathirire mpiru kudimba."

Madzulo ake anadya chinangwa. Ine ndinkangoti ndalephera. Ndazindikira nditakula kuti madzi angawo anadzutsadi munthu, koma osati wa m'manda.