Bampala ya Pikapu ya Amuna Anga

Ndinadzuka kusanache, ngakhale kunena zoona sindinagone. Ndinangotsamira khoma m'nyumba ya siwa, pafupi ndi bokosi la amuna anga. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, ena akusinza pamphasa. Panja nkhungu ya chiperoni inali itameza minda yonse ya tiyi. Kuseri kwa nyumba azimayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolo.

Amuna anga anali makaniko pa esiteti. Atapuma ntchito anakoka pikapu yakalekale imene inkawola kuseri kwa fakitale, nkhuku zikuikiramo mazira. Anaikonza zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinkaitcha mkazi mnzanga, ndipo ponena sindinkaseka. Injini inalira, penti inapakidwa, koma pamsewu sanaitulutse. Ankati galimoto yopanda bampala ndi munthu wopanda mano, sangaonekere pagulu. Mabampala ake awiri anabwera kuchokera ku Limbe, kumene anakawawongola ndi kuwawalitsa, iwo atadwala kale, osathanso kuwamanga. Kuchipatala anandipempha chinthu chimodzi chokha: kumanda adzapite pa galimoto yawo, ili ndi mano ake.

Kutayera anthu anayamba kufika. Otchola tiyi anabwera atafunda mapulasitiki, abale a ku Thekerani anatsika pa njinga zamoto ali matope okhaokha. Esiteti inatumiza thirakitala ndi ngolo yake. Amalume a malemu, amene anali mwini maliro, anagamula kuti adzukulu akangotumiza mawu oti manda atha, pikapu isanakonzeke, bokosi likwera thirakitala. Sanalankhule mwankhanza. Mvula inali itayamba kuwaza, ndipo dzenje silidikira munthu.

Amakaniko awiri a pa galaja ya esiteti anadzipereka kumanga bampala ya kutsogolo. Ndili m'nyumba ndinkamva masipanala akulira m'chisakasa momwe pikapu inkakhala, mtima nkukhala pansi pang'ono. Kenaka ndinamva hamala.

Kwathu kuno namfedwa sachoka pa siwa. Amakhala pansi, mutu wofunda, mpaka bokosi lituluke. Ndinkadziwa zimenezo. Koma amuna anga sanalolepo hamala kuyandikira galimoto imeneyo, ndipo kugogoda kulikonse kunkandilasa mumtima. Ndinaimirira. Mchemwali wa malemu anandigwira chitenje.

"Alamu, mukupita kuti? Anthu atiseka."

"Aseke," ndinatero.

Ndinawapeza atamanga mbali imodzi zolimba, mbali inayo zibowo zitaphonyana ndi chala chathunthu. Wina ankamenya chitsulocho kuti chigonje, mnzake atagwira kale waya. Anthu ozolowera mathirakitala ndi choncho, chokana amachikakamiza.

"Mayi, zibowo sizikugwirizana. Tingomanga ndi waya, bola ifike kumanda."

Ndinawauza kuti amasule zonse. Mabulaketi, zitsulo zija zimagwira bampala ku galimoto, anali atawasinthanitsa. Ya kumanja ili ndi kadontho ka penti yofiira kumunsi kwake, ndipo iwo anaiika kumanzere. Timphira timene amuna anga anadula ku chubu chakale kuti chitsulo chisakhulane ndi chinzake tinali tikadali m'chitini, osakhudzidwa. Ndinawauza zimene ndinamva kambirimbiri kwa amuna anga: lowetsani mabawuti onse ndi manja, nati iliyonse ikhale yolekeza, muime patali muone ngati yawongoka, kenaka mumange kuyambira pakati.

Sindinadziwe kuti zonsezi ndinazisunga. Bampala imeneyi ndinali nditaigwirapo kangapo isanapite ku Limbe, akuiyesa, ine ndikunyinyirika kuti ndiwo zikupserera pamoto. Tsiku limeneli ndinagwada m'matope, ndinaitsamiritsa pamaondo. Anthu anadzaza pakhomo la chisakasa. Palibe anaseka, palibenso anayandikira. Sindinakhalepo ndekha chotero pakati pa anthu ambiri.

Mawu a adzukulu anafika kutatsala nati ziwiri. Amalume anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine, ndipo anauza wamthengayo kuti tikubwera. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi asanu ndi kuyang'ana. Inali yowongoka. Bampala ya kumbuyo nthawi yake panalibe.

Mwambo wa pakhomo unafupikitsidwa chifukwa cha mvula. Bokosi linakwera pikapu, mnzawo wakale wa malemu nkugwira chiwongolero. Tinadutsa pakati pa minda ya tiyi kulunjika kumanda a kwawo ku Nchilamwela, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wa pansi, thirakitala ikutsatira ndi agogo amene sakanatha kuyenda. Amene anali m'minda anatsitsa madengu, amuna nkuvula zipewa. Akuti ngakhale m'nkhungu muja bampala inkanyezimira, ndipo onse okumana nafe ankailoza. Ine sindinaione. Ndinkayenda pansi pambuyo pa pikapu, alamu atandigwira mkono, ndikuyang'ana zibowo zinayi zopanda kanthu pansi pa chitseko cha kumbuyo.

Kumanda zonse zinayenda mwachangu. Dothi linali lolemera, nkhata zinanyowa tisanachoke.

Madzulo pakhomo panali zii. Moto unali utazima, mipando ya kutchalitchi atabweza. Azimayi atatu amene anatsala kuti andigoneke anali m'nyumba, akulankhula monong'ona. Ndinapita kuchisakasa. Pikapu inali itabwerera pamalo pake, matope a kumanda ali m'matayala. Bampala ya kumbuyo inali pomwe amuna anga anaisiya, yokulungidwa m'bulangete lakale, chitini cha mabawuti ake chili pambali.

Ndinaivundukula, ndinanyamula mbali imodzi mpaka pa zibowo. Mbali inayo inakhala pansi. Ndinapita kukanyamula inayo, yoyamba ija nkutsika. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina kugwira, wina kumanga. Ndinaifunditsanso bulangete lake, ndinatseka chisakasa.