Dikishonale Imene Inawoloka Shire m'Bokosi la Malemu

Anthu a kuno ku Nsanje amanena kuti dikishonale yanga inapita ndi madzi osefukira. Ena, amene amadzitcha anzanga, amawonjezera kuti ndinailira ngati mwana. Zonsezi n'zabodza, ndipo popeza dzanja langa likadagwirabe cholembera, ndaona kuti n'kwabwino ndikonze nkhaniyi ndekha.

Bukulo ndinalandira ngati mphotho ndili fomu yachiwiri kusekondale. Linali la chikuto chofiira, lolemera ngati njerwa. Mphunzitsi wathu wa Chingerezi anatiikira lamulo lakuti mawu alionse amene wawafufuza uziika kadontho ka pensulo pambali pake, ndipo ukafika madontho atatu pa mawu amodzimodzi, udziwe kuti mutu wako ndi dengu lobooka. Ine sindinafikepo atatu, ngakhale kuti mnzanga wina wa ku Chikwawa amakonda kutsutsa zimenezi pagulu.

Nditayamba ukalaliki pa boma ndinakwatira mkazi wa kwa Nyachikadza, Msena amene sukulu analekeza sitandade 4. Lamulungu lililonse masana, tikabwera kutchalitchi, tinkakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba. Ine ndinkawerenga buku la Chingerezi mokweza ndi kumamasulira, iwo akusenda nyika, timizu todyedwa ta maluwa a m'madzi, kapena kusankha nyemba. Tikakumana ndi mawu ovuta ndinkatsegula dikishonale n'kufotokoza, ndipo iwo ankati, “Zonsezo mwazungulirazo, kwathu timangoti chakuti.” Mawu awowo, a Chisena kapena a Chimang'anja, ndinkawalemba m'mphepete mwa tsamba. Tinachita zimenezi zaka zoposa makumi atatu, kufikira m'mphepete mwa masamba munada ndi pensulo. Pofuna kuliteteza ku chiswe, iwo ankalikulunga bukulo m'chitenje n'kulisunga m'bokosi lawo lachitsulo.

Apa ndi pamene anthu amasokoneza nkhani. Akazi anga atamwalira, abale awo anabwera kudzagawa katundu. Mwa mwambo wa kwawo, zonse za m'bokosi la mkazi ndi za abale ake achikazi, ndipo mwamuna sasuzumiramo. Ine ndinali panja ndi amuna anzanga pamene bokosilo linkatuluka. Linatsikira kudooko, linakwezedwa mu mwadiya, bwato lathu losema lija, n'kuwoloka Shire. Ndinakumbukira za dikishonale patapita masiku awiri. Choncho madzi sanatenge kanthu. Bukulo linadutsa pamwamba pa madzi lili louma.

Ndikanatha kukalipempha, koma sindinatero. Munthu amene anagwirapo ntchito pa boma sangamveke kuti akulimbirana katundu wa maliro ndi alamu ake. Anthu atayamba kunena za madzi osefukira, ndinangowaleka.

Patapita zaka zingapo, mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Blantyre, anandibweretsera kachipangizo kowerengera mabuku, kooneka ngati sileti imene tinkalembapo tili ana. Anthu amanenanso kuti ndinakakana chifukwa cha mantha. Limenelinso ndi bodza; ndinakaphunzira tsiku lomwelo. Zilembo zimakula monga momwe maso ako akufunira, ndipo ukasindikiza chala pa mawu ovuta n'kudikira pang'ono, tanthauzo limatulukira pompo. Ndikuvomereza kuti n'kachangu. Koma mulibe poika kadontho, ndipo tanthauzo likatha palibe wokuuza kuti kwathu timati chakuti.

Nditadandaula, mwanayo anati, “Bambo, komatu mukhoza kuwonjezeramo dikishonale ina, ngakhale yanuyanu. Mungondipatsa mndandanda wa mawuwo, ine nditaipa pa kompyuta n'kulowetsa ndi chingwe. Mukamasindikiza mawu, a amayi azitulukanso.”

Ndinatenga kope kuti ndilembe za pamtima. Sabata yonse inatha ndisanadzaze masamba awiri, ndipo ena mwa mawuwo sindinali nawo chikhulupiriro. Ndinazindikira kuti mawu a akazi anga anali kundithawa limodzilimodzi, ndi kuti ndikapitiriza kusunga ulemu wanga, adzatha onse.

Ndinakwera mwadiya m'mawa wina nyengo yokumba mbatata. Mng'ono wa malemu, amene bokosilo linagwera m'manja mwake, anandiona ndikadali kutali ndi nsapato zanga m'manja.

“Ee, alamu! Abwana a pa boma m'matope muno? Ng'ona zakupatsani moni wa Chingerezi kodi?”

Ndinayankha mwaulemu, ndipo titadya ndinafotokoza chimene ndinadzera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bukulo, likadali m'chitenje chomwe chija. Pakati pa masamba ankasungamo makadi a kusikelo a zidzukulu zawo kuti asapindike.

“Zaka zonsezi mumadikira kuti limere miyendo libwere lokha? Koma nkhabe, alamu, sindikupatsani. Chogawidwa pamaliro sichibwerera kumene chinachokera. Mukufuna achemwali aziti tawakana? Inu si kalaliki? Khalani apo mukopere.”

Ndinakopera masiku atatu pakhonde pawo, nditakhala pa mtondo wogwetsa chifukwa mpando umodzi wokha wa pakhomopo unali wogwedera. Tsamba lililonse linkandibwezera Lamulungu lake: apa tinakanganapo za dzina la mbalame, apo pensulo inathyoka ndipo ndinamalizitsa ndi inki. Alamuwo ankabwera kudzaimirira kumbuyo kwanga n'kumatchula mawuwo mokweza, ndipo liwu lawo linkafanana ndi la mkulu wawo moti nthawi zina ndinkaleka kulemba.

Tsiku lachitatu ndinapeza zimene sindinalembe ine. Pali mawu ena a Chingerezi onena za munthu wokonda kukonza anzake pa tinthu ting'onoting'ono pofuna kuonetsa kuphunzira. Pambali pa mawu amenewo panali zilembo zikuluzikulu zopendekeka, za dzanja la sitandade 4: “mwamuna wanga.” Pansi pake anaikapo madontho atatu. Ndinakumbukira kuti ndinawafotokozerapo akazi anga mawuwo tsiku lina, ndikupereka chitsanzo cha mnzanga wa ku Chikwawa uja, iwo akungosankha nyemba zawo.

Ndinafuna kutembenuza tsamba mwakachetechete, koma alamu anali ataona kale.

“Mwadumphatu pamenepo, abwana.”

“Amenewa si matanthauzo, alamu, ndi nthabwala chabe.”

“Kodi mwadzera mawu a akazi anu, kapena mawu okhawo amene akukukomerani? Lembani onse, apo ayi ndibwezereni buku langa.”

Ndinalemba, pamodzi ndi madontho ake. Pochoka ndinati “takhuta,” kuthokoza m'chinenero chawo, ndipo anaseka kuti zaka zonsezi ndikadatchulabe ngati mlendo.

Mwana wanga anataipa zonse m'kope lija n'kuziika m'kachipangizo. Anandionetsa posankhira dikishonale imene ndikufuna kuti iziyamba kutuluka, ndipo ndinasankha ya amayi ake. Mawu amene mulibemo amayankhidwa ndi dikishonale imene inabwera ndi chipangizocho, koma amene alimo amatuluka m'Chisena kapena m'Chimang'anja, mwachidule, monga ankanenera eni ake.

Zilembo zopendekeka zija zinatsala kwa Nyachikadza pamodzi ndi makadi a kusikelo, ndipo ndavomera kuti ndiko kwawo. Lamulungu masana ndimakhalabe pansi pa nimu n'kumawerenga. Mawu aja a munthu wokonza anzake sapezeka kawirikawiri m'mabuku, koma ndinapeza buku limodzi limene alimo, ndipo tsamba lake ndimalidziwa. Ndasindikizapo chala koposa katatu. Amene angafune kunena kuti mutu wanga wasanduka dengu lobooka anene. Chimenecho chokha sindidzamukonza.