Kutsonya kwa mwana wanga

Mkazi wanga anamwalira fodya ali m'chigafa. Tinkakhala kwawo ku Njombwa, kumene ndinapita chikamwini nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi n'kupatsidwa sukulu ya pafupi ndi mudziwo. Anandisiyira mwana mmodzi wamwamuna, amene anali mu Sitandade 2.

Mwanayo anayamba kuphethira pafupipafupi mayi ake akadali moyo. Kenako anayamba kugwedeza khosi ngati munthu amene kolala ikumuthina. Ine ndinkati ndi fumbi la fodya, poti nyengo yosankha masamba tonse m'nyumbamo tinkayetsemula. Maliro atapita panawonjezeka china. Anayamba kutsonya.

Akanakhala kuti akutsokomola, anthu akanamumvera chisoni. Koma kutsonya kwathu kuno ndi mwano. Agogo ake akamupatsa mbatata, iye ankalandira ndi manja awiri, n'kutsonya. M'tchalitchi, abusa ali pakati pa pemphero, n'kutsonya. Ukamufunsa chifukwa chake ankangoti, “Zikungobwera zokha.”

Mvula ili pafupi ndinapita naye kudepoti kukagula feteleza wa makuponi. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo. Bambo wina wachikulire amene anali patsogolo pathu anatembenuka n'kumufunsa mwachifundo, “Wadya kanthu, mwanawe?” Mwana anatsonya. Bamboyo anandiyang'ana.

“Ndi wanu ameneyu, aphunzitsi?”

“Ndi wanga.”

“Kusukulu kwanuko zimenezi zili mu sitandade yanji?”

Anthu anaseka. Mwanayo anabisa nkhope m'malaya anga, khosi likugwedezekabe.

Alamu anga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, ndiwo anali eni mbumba. Sanali munthu woipa. Matenda onse a mlongo wawo anathamanga nawo ndi iwo. Koma pa nkhani ya mwanayu mankhwala awo anali kamtengo kothyola pampanda. Ankamukwapula m'miyendo, ndipo masiku otsatira kutsonyako kunkachuluka.

Nditaona kuti chaka chapitirira, ndinapita naye kuchipatala kuboma. Dokotala amene anationa sanamuyang'anitsitse mwanayo. Anamupatsa cholembera ndi pepala kuti ajambule galimoto, iye n'kumacheza ndi ine. Patapita kanthawi anamufunsa, “Kutsonyako kusanatuluke umamva bwanji?”

“Pamayabwa mkati, apa,” anatero mwana, akuloza pakhosi.

Dokotala anandiuza kuti si khunyu, si mizimu, komanso si mwano. Anati pali ana ena amene thupi lawo limachita timayendedwe ndi timaphokoso totere iwo asanafune. Mwanayo amamva chinthu chikumukakamiza, monga mmene munthu amamvera akafuna kuyetsemula. Atha kuchigwira kwa kanthawi, koma pambuyo pake chimatuluka chochuluka. Chimakula mwana akatopa, akakhala ndi nkhawa kapena akamadzudzulidwa, ndipo chimachepa mtima wake ukakhala pa ntchito imene akuikonda. Nthawi zina chimatha milungu ingapo n'kubweranso mwa mtundu wina. Kwa ana ambiri chimazilala akamakula. Mapiritsi anati sakufunika pokhapokha chitayamba kumuvulaza.

“Chachikulu n'choti musiye kumuyang'ana chikamachitika,” anatero. “Ndipo akunyumba asamumenye.”

Ndinakawafotokozera alamu zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusoka masamba a fodya osadzutsa mutu.

“Matenda opanda jakisoni, opanda piritsi,” anatero. “Mankhwala ake n'kungomulekerera. Chabwino, alamu, tamva.”

Fodya wa chaka chimenecho atagulitsidwa, inakwana nthawi yondisudzula. Umu ndi mmene mwamuna woferedwa amamasulidwira kuti abwerere kwawo. Ana amatsala ndi akuchikazi. Ine ndinali nditanena kale kuti ndikupempha kupita ndi mwana wanga, ndipo chifukwa chimene ndinapereka chinali matenda akewo. Amalume anga anabwera kuchokera ku Nkhamenya kudzandiyankhulira.

Tinakhala mumthunzi wa chigafa chopanda fodya. Mwanayo anamuitana n'kumukhazika pamphasa pakati pathu, kuti aliyense adzionere yekha zimene ndinkanenazo. Nkhani inatenga nthawi. Anayamba ndi za ziwiya, za njinga, za munda umene tinkalima ndi malemuyo. Ine maso anga anali pa mwana. Anakhala chowongoka, manja atafumbata pamaondo, milomo ataitseka zolimba. Mitsempha ya m'khosi inaonekera. Sanaphethire mopitirira, sanagwedeze khosi, sanatsonye ngakhale kamodzi.

Itafika nkhani yake, alamu anamuloza ndi chibwano.

“Taonani nonse. Matenda aja ali kuti lero? Kapena anamva kuti kuli msonkhano, athawa?”

Ena anaseka. Ndinayamba kufotokoza kuti mwana wotere amatha kudzigwira kwa kanthawi, ndipo zimamupweteka.

“Ndi zimene tikunenazo,” anandidula alamu. “Akafuna amasiya. Ndiye kuti akamachita amakhalanso akufuna. Aphunzitsi, za m'mabuku tazimva. Mwanayu sakudwala, wangosowa womuwongola. Mukapita naye muli nokha, wopanda mkazi pakhomo, adzakula akutsonya mafumu.”

Amalume anandigwira bondo n'kundinong'oneza m'Chitumbuka kuti ndisapitirize, ndingawononge ndi zina zomwe. Ndinawamvera. Akuluakulu anagamula kuti mwana atsala. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti asamamukwapule. Alamu anati, “Tiona mmene azichitira.”

Anthu akubalalika, mwanayo sanaoneke. Anali atazemba chigamulo chisanaperekedwe. Ndinakamupeza kuseri kwa chigafa, atagwira nsanamira. Khosi linkagwedezeka mosalekeza, akutsonya motsatizana mpaka kubanika, misozi ikutsika. Ndinaima pambali n'kuyang'ana kumunda monga anandiuzira dokotala. Zitachepa anapukuta kumaso ndi malaya.

“Ababa, ndinakhala bwino, eti? Sindinachite ngakhale kamodzi.”

“Unakhala bwino.”

“Ndiye tipita limodzi?”

Iye anaganiza kuti akaonetsa ulemu pamaso pa akuluakulu amulola kupita ndi ine. Palibe anamuuza zimenezo. Sindinamuuze kuti kudzigwira kwakeko ndiko kunagamula mlandu, ndipo mpaka lero sindinamuuzepo.

Kwathu ku Nkhamenya sindinabwerere. Ndinapempha nyumba yapasukulu, ya chipinda chimodzi, imene aphunzitsi ena ankaikana chifukwa chodontha. Mwanayo ankagona kwa agogo ake, koma masana onse ankakhala pamene ndikumuona. Ndinagwirizana ndi aphunzitsi a kalasi yake kuti azikhala pafupi ndi chitseko, azituluka osapempha akamva kuti zikubwera, ndipo anzake akamuseka asamaimitse phunziro. Panali miyezi imene zinkachepa mpaka ndinkaiwala. Kenako ankabwera Lolemba ali ndi mizere m'miyendo, ndipo sabata imeneyo zinkayambiranso.

Tikaweruka ndinkamuperekeza mpaka pamalire a munda wa alamu. Munthu wosudzulidwa salowa m'mudzi tsiku ndi tsiku ngati kwawo. Pamenepo mwanayo ankandipatsa chikwama kuti ndimugwirire. Ankatembenukira kutchire, n'kutsonya, n'kugwedeza khosi mpaka atakhutira. Akatero ankatenga chikwama chake n'kulowa m'mudzi ali chete, ine n'kubwerera kusukulu.