Jasimini wa achemwali

Achemwali anga atapita kumudzi kukadwazika amayi, anandisiyira makiyi a nyumba yawo ku Bowie, kuno kutsidya kwa nyanja, ndi lamulo limodzi: wailesi ikangolengeza chisanu, ndikafunditse duwa lawo bulangete. Duwalo linali jasimini, loyanga pampanda wa kuseri kwa nyumba. Analidzala malemu alamu anga. Thupi lawo tinalitumiza kumudzi, ndiye kuno achemwali alibe manda oti n'kukasesapo. Amangoima pa duwapo m'mawa, kapu ya tiyi ili m'manja.

Ine ndinavomera msanga, monga ndimachitira nthawi zonse. Pakamwa panga sipachedwa, yochedwa ndi miyendo.

Tsiku lomwe analengeza chisanu ndinali nditagwira dabulo, mashifiti awiri otsatizana, ku Landover, kusambitsa ndi kutembenuza okalamba. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndinakumbukira bwinobwino ndili m'galimoto, ndipo ndinaiona njira ya ku Bowie, koma ndinapitirira. Ndinati ndipita mawa, duwa si khanda. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nditafika patapita masiku awiri, ndinapeza masamba onse atada, atalendewera ngati chisoso chofutsa. Ndinathamangira m'nyumba, n'kutenga bulangete lomwe achemwali anasiya pampando, n'kufunditsa duwa lowauka kale. Mzungu woyandikana nawo ankandiyang'ana pawindo.

Lamlungu lililonse achemwali ankaimba. Akafotokoza za shuga wa amayi, funso linkabwera lomwelo: "Nanga duwa langa?"

"Lili bwino, achemwali. Musadandaule."

Ndinanama milungu isanu, ine mayi wa chigwirizano. Ndinkapitako kawirikawiri kuposa momwe anandipemphera. Ndinaunjika masamba ouma patsinde, ndinkalifunditsa madzulo n'kulivundukula dzuwa likatuluka. Ndikakanda khungwa ndi chikhadabo, pansi penipeni pankaoneka kubiriwira, ndipo tsiku limenelo ndinkadya bwino.

Koma nthambi zakudazo zinkandiimba mlandu. Ine ndinakulira kudimba, kumene chouma timachotsa kuti chiwisi chiphuke. Loweruka lina la mu Febuluwale ndinatenga sizasi n'kudula zonse, kusiya chitsa chofika m'bondo. Pamalopo panayera, ndipo ndinamva ngati ndakonza mlandu. Mpaka ndinapeza mphamvu zoulula.

M'mawa mwake ndinawauza. Ndinati chisanu chinalipeza losafunda, ndipo wolakwa ndine. Ndinkamva tambala akulira kumbuyo kwawo. Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo zikanandipepukira.

"Iwe, zimachitika," anatero. "Linapsapo chaka china, alamu ako ali moyo. Silifa. Chachikulu usalidule, wamva? Zoumazo ndi zimene zimatchinjiriza tsinde. Ukadula pano liyamba kuphuka, chisanu china chikabwera ndiye kwatha. Ingolisiya mpaka Epulo."

Ndinali nditaima pakhonde lawo, foni kukhutu. Nthambi zonse zinali m'matumba awiri pafupi ndi bini.

"Wamva?"

"Ndamva, achemwali," ndinatero. "Sindiligwira."