Dzenje Limene Ndinkalota pa Nsanja ya Moto

Ntchito ya pa nsanja anandipezera ndi alamu anga, amene ankayendetsa lole ya matabwa kuchokera ku Chikangawa. Anandipeza kwathu kumalire a Kasungu nditangokhala pakhonde ngati mlendo, nandiuza kuti kampani ina ya mitengo ya paini ikufuna anthu oyang'anira moto m'chilimwe. "Ntchito yake ndi kuyang'ana basi, koma kulibe wocheza naye," anatero. Ndinavomera asanamalize n'komwe, chifukwa masiku amenewo sindinkafuna kucheza ndi munthu.

Mwezi umodzi m'mbuyomo akazi anga, Nabanda, anali atabereka mwana wakufa kale. Kwathu mwana wotere timati ndi mtayo. Amakamuika ndi amayi akuluakulu okha, bambo sapitako, maliro ake salira, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ine mwambowu ndinautsata mopyola muyeso, moti sindinawafunse Nabanda ngakhale funso limodzi. Anapita kwa amayi awo kuti akapezeko mphamvu, masabata n'kumatha osabwerera. Banja linkatha ndikuona, koma pakamwa panga panali polemera.

Nsanjayo inali ya matabwa, pamwamba pa phiri, makwerero ake ogwedera. Kapitawo wathu, a Tembo, anandipatsa magalasi oonera patali, mapu a nkhalango ogawidwa m'zigawo za manambala, wailesi yolankhulirana imene tinkaitcha ovaova, ndi kasola kotchajira batire yake. Pansi pa nsanja panapachikidwa chitsulo cha gudumu la lole, choti ndizimenya zinthu zikavuta. Ukaona utsi umayenera kunena chigawo chake, mtundu wake, ndi kumene mphepo ikulowera. Utsi woyera ndi udzu chabe. Wakuda ndiye kuti moto walowa m'paini ndipo ukudya utomoni.

"Ovaova iyi si ya macheza," anatero a Tembo. "M'mawa, masana, madzulo, ndi ukaona utsi. Batire ikatha, nkhalango yatha."

Ndinkagona m'kakhumbi pansi pa nsanja. Thalakitala inkabwera Loweruka ndi ufa, nyemba ndi madzi, dalaivala osazimitsa n'komwe injini. Masiku ena onse anzanga anali anyani, ndipo nawonso ankandiyang'ana mondikayikira. Netiweki inkapezeka kumsewu waukulu, ulendo wa maola awiri. Ndinapitako kawiri Lamlungu kukaimbira foni Nabanda, a Tembo atanditumizira wondigwirizira. "Muli bwanji?" "Tili bwino." "Amayi?" "Ali bwino." Kenako tonse zii, kumangomva kupuma kwa mnzako mpaka mayunitsi kutha. Ndinkabwerera ku nsanja ndili wosungulumwa kuposa mmene ndinachokera.

Maloto anayamba sabata yachitatu. Ndinkalota ndikukumba dzenje m'dothi lonyowa. Ndikakumba, dothi linkabwereramo, ine n'kuyambiranso, ndipo ndinkadzuka mapewa akuwawa ngati ndalimadi. Anabwera kawiri, katatu, kenako pafupifupi tsiku lililonse. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti kulota ukukumba ndi maliro. Amayi anga anatizoloweza kuti ukalota zoipa uzifotokozera munthu kukangocha, kuti zisachitike. Nanga ine ndikanafotokozera nyani?

Pa nsanja ina, kutsidya kwa chigwa, kunali a Mkandawire, bambo wachikulire amene ndinkangowadziwa mawu. M'mawa uliwonse tikapereka lipoti ankandiseka m'Chitumbuka chawo, "Mwawuka uli, Mchewa? Mphepo yakusiya wamoyo?" Tsiku lina ndinayankha kuti sindinadzuke bwino. Anandiuza kuti ndipite pa tchanelo chachiwiri, chimene a Tembo ndi anzawo kukampu ya kampani sankamvera, ndipo ndinawakhuthulira malotowo.

"Kukumba ni nyifwa iyo, mwana wane. Maliro. Akudwala ndani kwanu?"

Mtima wanga unathamangira kwa Nabanda. Za mwana sindinatchule, poti mtayo satchula.

Kuyambira tsikulo tchanelo chachiwiri chinakhala bwalo lathu. A Mkandawire kumasulira maloto ankakukonda ngati fodya. Nsomba ankati ndi mimba, njoka ndi makolo akufuna kukumbukiridwa, nyama yaiwisi ndi zovuta. Ankandifunsa ngati khasulo linali langa kapena lobwereka, ngati panali anthu ondizungulira. Ankandiuza kuti ndizipemphera ndi kulavula malovu kumadzulo ndikadzuka. Zonse ndinachita, koma dzenje silinasiye. Kunena zoona, ngakhale ankandiopseza, mawu awo ndinkawadikira monga mmene wodwala amadikirira nthawi yoona odwala.

Kumapeto kwa Ogasiti kunagwa nkhungu masiku atatu, kasola osagwira kanthu. Tsiku lachinayi ndinalota kuti pambali pa dzenje pali chitenje cha Nabanda, chobiriwira chimene ndinawagulira ali oyembekezera. Ndinadzuka n'kutenga ovaova. Ndinaona ndithu kuti kagetsi ka batire kafiira, koma ndinawaitana a Mkandawire, ndipo tinalankhula pafupifupi ola lathunthu. Iwo anati ndipemphe tchuthi ndipite msanga ndisanamve uthenga.

Nkhungu inachoka cha m'ma 11, kukubwera mphepo yamphamvu. Itangokwana 1 koloko ndinaona utsi woyera m'munsi mwa chigawo cha mitengo ya zaka zitatu, kuseri kwa chitunda, kumene a Mkandawire sakanatha kuona. Ndinadina ovaova. Zii. Ndinaizimitsa, kuyatsanso, kuipukuta batire pa malaya, koma ayi ndithu. Ndinatsika n'kumenya chitsulo mpaka manja kuchita dzanzi, koma mphepo inkatengera kulirako kuthengo. Nditakweranso, utsi unali utada.

Ndinathamanga mpaka kukampu, mphindi makumi anayi, kugwa n'kudzuka. Anthu anakwera thalakitala ndi makasu, zikwanje, zophwanyira moto za labala ndi mapampu a kumsana. Titafika moto unali utakwera kale kunsonga za mitengo, ndipo moto wotero suuphwanya. A Tembo analamula kuti tilambule mzere kutsogolo kwake ndi kuyatsa moto wina woti ukakumane nawo. Tinaugonjetsa dzuwa likupendeka, koma chigawo chonsecho chinali chitasanduka zitsa zakuda.

A Tembo anandiitana pamaso pa onse. "Batire inatha bwanji?"

Ndinanena zoona. Ena anaseka, ena anatukwana. Kenako kunamveka mawu amene ndinkawadziwa bwino, akuchokera kwa kabambo kakafupi, kaimvi, nkhope yonse phulusa. "Kapitawo, mlandu uwu tigawane. Wom'chedwetsa ndine." A Tembo analoza ine. "Iwe pita kwanu sabata imodzi. Ukabwera udzagwira khasu. Nsanja iwalako."

Anthu akukwera thalakitala, a Mkandawire anandikhazika pa chitsa. "Pali chinthu sindinakufunse, ndipo ndapusa chomene. Dzenje limenelo ndi lalikulu bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi manja. Linali ngati lodzalamo nthochi.

"Munthu wamkulu angalowe mmenemo?" anafunsa. "Munataya mwana, eti?"

Ndinalira pamenepo, kulira kumene ndinakusunga miyezi itatu, mamina ndi phulusa kusakanikirana. Sanandiletse. Nditatonthola anati, "Ine ndimakuuza za maliro akubwera, pomwe iwe uli ndi maliro akale amene sunalire. Mbwenu pita, ukalankhule ndi mama wa mwanayo."

Nabanda ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba ya amayi awo. Anandipatsa moni ngati wa m'boma wobwera kudzalemba kalembera. Ndinakhala pansi, ndipo m'malo mozungulira ndinangoti, "Nabanda, mwana wathu munamuona?"

Mpeni unaima. "Mpaka lero ndiye mukufunsa?"

"Ndinkaopa."

"Ine ndinkayesa kuti mukundiimba mlandu."

Kenako anayamba kulankhula, maso ali pa chinangwa. Anati azamba anawalola kumugwira pang'ono asanamutenge. Anati anamukulunga ndi theka la chitenje chobiriwira, theka linalo analisunga. "Anali wamkazi," anatero. "Tsitsi lambiri, ndipo makutu ake anali anuwa ndendende." Ine bambo wake ndinali ndisakudziwa ngakhale zoti anali wamkazi.

Ku Chikangawa ndinabwererako, n'kugwira khasu pa mizere yotchinga moto mpaka mvula itagwa. Nabanda anabwerera kunyumba mwezi womwewo umene tinalankhulana. Dzenje ndinalilotanso kamodzi kokha, ndipo nditadzuka ndinali ndi womufotokozera.

Chimene ndinatengako n'chakuti maloto obwerezabwereza sikuti nthawi zonse amanena za mawa. Ena amangokukumbutsa chinthu chimene ukuchidziwa kale koma ukukana kuchiyang'ana. Masiku ano mnzanga akandiuza kuti akulota zomwezomwezo, sindithamangira kumuuza kuti nsomba ndi chakuti, njoka ndi chakuti. Ndimayamba ndamufunsa kuti kunyumba kuli nkhani yanji imene sakuikamba. Mitengo imene ndinaotchetsa anadzalanso ina. Koma miyezi itatu imene Nabanda analira okha, akuyesa kuti ndikuwada, imeneyo sindinathe kuwabwezera.